Botolo la M'kabati

Malemu amene tawagoneka patsogolo pathupa anabadwa pa 9 Ogasiti 1967, m'kachipinda kakuseri kwa shedi ya mayi athu, pakati pa migolo ya utoto ndi nsalu zonyowa zodikira dzuwa. Anali achiwiri m'banja la ana atatu. Woyamba ndine ndaima panone, ndipo wotsiriza ndi mng'ono wawo, amene mukuwaona akhala pafupi ndi bokosi atafungatira kanthu m'nsalu. Za kanthuko ndinena kumapeto, pakadali pano musawafunse. Abusa, akuluakulu a ku yunivesite, amayi a ku shedi, abale ndi anansi nonse, banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri ya mlongo wanga. Mundikhululukire mawu akamathawa. Zaka ziwiri takhala tikupondaponda njira ya kuchipatala, ndipo kunena zoona tatopa tonse, kuyambira alamu anga mpaka adzukulu.

Amene mwachokera kutali simungamvetse moyo wa malemu musanaidziwe shediyo. Mayi athu anaiyamba mu 1962 ndi migolo iwiri ndi ndodo yotakasira. Ntchito yake inali kunyika nsalu mu utoto, wofiira, wobiriwira, koma makamaka wa buluu, poti ndiwo ankaufuna a masukulu, a makwaya ndi a zipatala. Bambo athu atatisiya mu 1972, shediyo ndiyo inasanduka bambo. Inatidyetsa, inativeka, ndipo inalemba amayi ambiri a m'dera lathu amene analibe kwina kogwira. Manja a mayi athu anali a buluu mpaka m'zigongono, ndipo sopo wa mtundu uliwonse anawalephera. Madzi otsala m'migolo tinkawakhuthulira m'ngalande yakuseri, n'kumatsetsereka kudutsa m'makomo mwa anthu mpaka kumtsinje. Nkhuku za m'dera lonselo zinali za miyendo ya buluu, moti ikasochera anthu ankadziwa kwawo. Ife tinkangoseka, panthawiyo palibe amene ankaonapo cholakwika.

Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1974. Sabata yoyamba yomweyo anabwerako ndi mikwingwirima, chifukwa aphunzitsi ankayendera manja m'mawa uliwonse ndipo poona buluu m'manja mwake ankayesa kuti mwanayu sasamba. Mayi anachita kupita okha kukaonetsa manja awo kuti aphunzitsiwo aleke. Mlongo wangayu anali wa mafunso otopetsa chiyambire. Ali m'kalasi lachisanu anafunsa mayi kuti buluu wa m'ngalande amathera kuti, mayi n'kuyankha kuti amapita ndi madzi, basi. Yankholo silinawakwane. Loweruka lina analondola ngalandeyo wapansi mpaka kumtsinje, n'kukapeza amayi akumunsi akukumba timaenje mumchenga kuti apeze madzi ochapira osadetsa zovala, ana awo ali ndi zidzolo m'miyendo. Ine ndinkayesa ndi nkhani ya tsiku limodzi, osadziwa kuti tidzaitchula mpaka pamaliro. Tsikulo anabwerako madzulo, chakudya osachikhudza.

Mu 1982 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo mu 1986 analowa yunivesite kukaphunzira sayansi ya kasakanizidwe ka mankhwala. Apa ndiyenera kutchula chinthu chimene pabanja pathu sitichitchula kawirikawiri. Chaka chomwecho msana wa mayi unayamba kuvuta, ndipo panafunika mwana mmodzi woti aime pamigolo. Ine ndinali nditayamba kale ntchito yoyendetsa mabasi kutali. Mng'ono wawo ndiwo anasiya sukulu, ali anzeru ndithu, n'kutenga ndodo yotakasira kuti mkulu wawo asabwerere panjira. Kuyambira pamenepo manja a mmodzi anayamba kuyera, a winayo kudetsedwa ndi buluu. Wamng'onoyo sanadandaule, kapena tinene kuti sanadandaule mokweza.

Mu 1990 malemu analandira digiri yoyamba n'kuyamba kuphunzitsa pa sekondale ina. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi alamu angawa, amisiri a zamagetsi, amene anaitanidwa kudzakonza masoketi a m'chipinda cha sayansi. Ntchito ya tsiku limodzi inawatengera teremu yonse, ndipo mpaka lero sanandifotokozere chimene chinkavuta pa masoketiwo. Anamanga banja pa 25 Epulo 1992. Mu 1996 malemu anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro kunja, n'kusiya alamu ndi ana awiri ang'onoang'ono. Alamu anaphunzira kuluka tsitsi la mwana wamkazi, moipa, koma anaphunzira. Malemu anabwerako mu 2001 ali Dokotala. Mayi athu atamva zimenezi anawavundukulira bondo lawo lotupa, ndipo anakhumudwa kwambiri kumva kuti udokotala wake ndi wosabaya jakisoni.

Chaka chomwecho analembedwa ntchito ku yunivesite, ndipo anakhala komweko mpaka matenda atawagwetsa. Akuluakulu a kumeneko anena zawo bwino kuposa ine. Ine ndingonena m'mene mlongo wanga ankandifotokozera, mobwerezabwereza, ngati akuphunzitsa mwana. Pali ufa woyera wochokera ku chitsulo chotchedwa titaniyamu, womwe uja umayeretsa penti. Ufawo ukapangidwa wosalala zedi, timibulu take tochepetsetsa moti ngakhale galasi lokulitsa zinthu la kusukulu silingatione, umakhala ndi khalidwe lachilendo. Dzuwa likauwomba, umaphwanya utoto umene uli m'madzi, utotowo n'kutheratu, osati kubisala ayi. Ntchito ya malemu inali kupanga ufa umenewo. Ankasakaniza timadzi tina m'galasi, dontho limodzilimodzi, mpaka titagwirana ngati guluu. Kenako ankaumitsa n'kuwotcha m'ng'anjo yamagetsi. Moto ukachepa ufa sugwira ntchito, ukachuluka timibulu timakula n'kutha mphamvu. Akatero ankatumiza kaufa pang'ono kutali, kumene kuli makina a ekisire oona m'kati mwa timibuluto, chifukwa kuno kunalibe, n'kumadikira miyezi. Yankho likabwera loipa ankayambiranso, ndipo loipa ndilo linkabwera kawirikawiri.

Chipinda chawo chogwirira ntchito chinali chakumapeto kwa khonde, kuseri kwa masitepe. Ndinalowamo kangapo. Munali sinki yothimbirira, ng'anjo ija imene inkazimitsa magetsi a nyumba yonse ikapsa mtima, kamakina kounika m'madzi n'kunena kuchuluka kwa utoto wotsalamo, ndi kabati yachitsulo yotuwa pakona, yokhala ndi loko. Ng'anjoyo alamu anga anaikonza kambirimbiri, moti alonda ankayesa ndi ogwira ntchito pamenepo.

Kabatiyo ndiyo mutu wa nkhani yanga, ndiye mundimvetsere ngakhale dzuwa likuwotcha. Malemu sankayesa kanthu ndi botolo limodzi. Nthawi zonse ankadzaza mabotolo awiri, madzi a buluu ofanana, ufa wofanana. Lina ankaliika padenga kapena pawindo kuti liwombedwe ndi dzuwa, linalo ankalitsekera m'kabati, mumdima. Ankati la padzuwa likayera usavine msanga, yamba watsegula kabati. Ukapeza la m'kabati likadali la buluu, ndiye kuti dzuwa ndi ufa ndi zimene zagwira ntchito, utoto wafadi. Koma la m'kabati nalo likayera, popanda dzuwa, ndiye kuti palibe chimene chafa, utoto wangomatirira penapake ndipo udzatuluka tsiku lina. Choncho kwa iwo nkhani yabwino inali botolo la buluu. Inu ophunzira awo amene mwaima kumbuyoko, munkathamangira kwa iwo ndi botolo loyera mbee, mano onse pamtunda, iwo osaliyang'ana n'komwe, n'kungofunsa za la m'kabati. N'chifukwa chake munawapatsa dzina loti a Kabati. Musagwetse nkhope, ankalidziwa, ndipo ankalikonda. Khalidweli linafika mpaka kunyumba. Mwana akachira chimfine atamwa mankhwala, iwo ankafunsa ngati sakanachira yekha. Kukhala nawo kunali kotopetsa nthawi zina, tisanamizane.

Mayi athu anamwalira pa 3 Febuluwale 2009. Shedi anaisiya m'manja mwa mng'ono wa malemu, amene pofika nthawiyo aliyense ankawatchula kuti a Kapitawo. Kwa malemu anasiya ngalande. Anawauza pamaso pa tonsefe kuti popeza anaphunzitsidwa ndi madzi amenewo, awabweze ali oyera. Koma inu, anthu okalamba amalankhula zinthu zolemera ngati akutuma munthu kumsika. Mlongo wanga anangovomera, ndipo kuyambira chaka chimenecho mabotolo awo onse ankadzaza ndi madzi a ku shedi.

Vuto linali lakuti ufa umene umagwira bwino m'botolo sungauthire m'ngalande. Ukapita ndi madzi, ndiye kuti wachotsa chinyalala china n'kuikamo china. Unafunika kumatidwa pa chinthu chokhazikika, madzi azingodutsa pamwamba pake. Ali mkati moyesa zimenezi, mu 2015 a zaumoyo anafika ku shedi. Dera linali litadzaza nyumba, madandaulo atachuluka, ndipo iwo sanalakwe. Anati madzi ayeretsedwe, apo ayi shedi itsekedwa. Anapereka nthawi, anaonjezeranso ina, mpaka anati Juni 2017 ndiye pothera. Kuyambira pamenepo maso a amayi onse a ku shedi anali pa mlongo wanga, ndipo akamadutsa pamsewu ankawafunsa kuti zafika pati.

Chapakati pa 2017 zinaoneka ngati zatheka. Anapaka ufa pa matailosi a dothi n'kuwawotcha, ufa n'kugwira osasupuka. Alamu ndi ine tinamanga thanki yaitali yosaya ya simenti kuseri kwa shedi, n'kuyalamo matailosiwo. Nthawi inali itatha, choncho zonse zinachitika mothamanga, chinthu chimene malemu sankachikonda m'pang'ono pomwe. Mabotolo awo awiri a matailosi atsopanowa anawatchera mochedwa, thanki itamangidwa kale. Madzi analowa m'thankimo a buluu m'mawa, pofika madzulo anali mbee. Abale inu, kunali chimwemwe. Amayi anaimba, a Kapitawo anakumbatira mkulu wawo mpaka bulauzi yoyera inadindika zikhatho ziwiri za buluu kumsana. Bulauziyo ilipo, malemu sanaichape.

A zaumoyo anabwera pa 14 Juni. M'mawa wa tsikulo, asanafike ku shedi, malemu anadzera ku yunivesite kukatsegula kabati, momwe anatsekeramo botolo lokhala ndi chidutswa cha tailosi yomweyo. Analipeza loyera. Dothi la matailosi linali litangomwa utoto ngati siponji. Palibe wina aliyense amene ankadziwa. Akanatha kutseka kabati, kubwera ku shedi n'kukhala chete, pakuti madzi a m'thanki anali oyera ndipo alendowo anali atayamba kale kugwedezera mitu mokhutira. Ine ndinalipo. Mkulu wa alendowo anawafunsa mwaulemu, monga katswiri, ngati akutsimikiza kuti utoto wathadi. Mlongo wanga anayang'ana mng'ono wawo, kenako anayang'ana pansi, n'kunena kuti ayi, sunathe, wangobisala m'dothi, ndipo matailosi akakhuta udzatulukanso kupita kwa anthu akumunsi. Shedi inatsekedwa mwezi womwewo.

Zimene zinatsatira ambiri mukuzidziwa, ndipo sindizikometsera. Amayi a ku shedi anabalalika. Ena anapita kukachapa m'makomo mwa anthu, ena kukagulitsa masamba kumsika, awiri anamwalira asanapezenso pogwira. A Kapitawo anati anasiya sukulu kuti aphunzitse munthu wodzawatsekera shedi, ndipo anati mawu amenewo ndi otsiriza kwa mkulu wawo. Anasungadi. Mvula ya chaka chimenecho itabwera, matailosi anasanzadi buluu monga malemu ananenera, tinaona ndi maso athu. Koma zimenezo sizinabweze ntchito ya munthu aliyense, ndipo sizinafewetse mtima wa a Kapitawo, amene ankati chikhala kuti mkulu wawo anangotseka pakamwa tsiku limodzi lokha, bwenzi atapeza miyezi ina yokonzera zinthu. Ine sindinabwere kudzaweruza. Onse ndi alongo anga, ndipo onse ndinkawamvetsa, chimene chinali chotopetsa kuposa kutenga mbali. Pa ukwati wa mwana wanga anakhala mbali ziwiri za holo. Kumanda a mayi ankapita masiku osiyana.

Koma pali chimene ambiri simukuchidziwa. A Kapitawo anatsala ndi mgolo umodzi kunyumba kwawo, wonyikira tinsalu tochepa kuti apeze ya sopo. Madzi otsala sankawatayanso m'ngalande, ankawathira m'chigubu. Ndikapita kukawaona, chigubucho ndinkachipeza pakhomo, iwo n'kunena akuyang'ana kumbali kuti ndichotse zinyalalazo ndikataye kumene ndikudziwa. Ine ndinkadziwadi kokataya. Ndinkakachisiya ku chipinda chakuseri kwa masitepe, ndipo malemu sankafunsa kumene chachokera. Ankangokhuthula, kutsuka chigubu, n'kundipatsa kuti ndibweze. Zaka zisanu ndi ziwiri alongo anga analankhulana ndi chigubu chimenecho basi, ine ndili wa mtengatenga, msana n'kumawawa.

Kuyambira 2018 malemu anasiya dothi n'kuyamba kupaka ufa pa magalasi, chifukwa galasi silimwa kanthu. Koma galasi silifunanso kugwira kanthu. Ufa unkasupuka ngati penti yakale. Akaonjezera moto kuti umatirire, unkatha mphamvu, magalasi ena n'kumaswekera m'ng'anjo momwemo. Anayesa kusakanizamo mankhwala ena pang'ono, ufa n'kusanduka wachikasu, kuti uzigwiritsa ntchito kuwala kochuluka kwa dzuwa, osati kachigawo kochepa kokha monga woyera uja umachitira. Zina zinagwirako pang'ono, zambiri zinakanika. Ophunzira ena anatopa n'kusintha aphunzitsi, ndipo sindikuwadzudzula. Anzawo anakwezedwa maudindo iwo ali pomwepo, chifukwa sankalola kufalitsa zotsatira zimene kabati sinavomereze. Tsitsi linachita imvi m'zaka zimenezo. Ndinawauzapo kuti apumule, kuti mayi sadzadzuka kudzawafunsa za ngalande. Anandiyang'ana ngati ndalankhula zachibwana, n'kundipatsa chigubu.

Mu Seputembala 2022 miyendo inayamba kutupa. Iwo ankati ndi kuima kwambiri. Alamu atawakakamiza kupita kuchipatala, madokotala anapeza kuti kuthamanga kwa magazi, kumene ankakunyalanyaza kwa zaka, kunali kutawononga impso. Ndanena zimenezi poyera chifukwa ndamva manong'onong'o akuti anawapha ndi mankhwala a kuntchito, ena akuti ndi mkwiyo wa mng'ono wawo. Zonsezo si zoona, ndipo banja likupempha kuti zithere pano. Anayamba kupita ku makina otsuka magazi sabata iliyonse. Ngakhale kumeneko sanasinthe. Ankafunsa anamwino kuti akudziwa bwanji kuti makinawo akutsukadi, mpaka mwana wawo wamkazi, amenenso ndi namwino, ankachita manyazi. Mu 2023 anapuma pantchito. Ng'anjo inatsala ku yunivesite m'manja mwa wophunzira wawo wamkulu, bambo amene akhala nawo kuyambira nthawi ya matailosi. Iwowo ankawotcha magalasi n'kuwabweretsa kunyumba. Windo la kuchipinda chogona linalowa m'malo mwa denga la ku yunivesite, ndipo kabati ya zovala inalowa m'malo mwa yachitsulo ija. Alamu anga masuti awo anawasamutsira pa msomali kuseri kwa chitseko.

Chaka chino thupi linatheratu. Anaonda, khungu linada, ndipo kuwakweza pabedi inakhala ntchito ya anthu awiri. Chakumayambiriro kwa mwezi watha wophunzira uja anabweretsa magalasi a mtundu watsopano, opakidwa mopyapyala kangapo m'malo mwa kamodzi kochindikala, ndipo ufa wake sunasupuke ngakhale atautsuka. M'mawa wa tsiku limene tinawatengera kuchipatala komaliza, galimoto ikulira panja, malemu anakana kunyamuka. Anaitanitsa chigubu. Anadzaza mabotolo awiri n'kuponyamo zidutswa za galasi, lina n'kuika pawindo, lina m'kabati. Anakhoma okha, kiyi n'kupatsa alamu, n'kunena kuti akapanda kubwerako asatsegule wina aliyense koma mwini madzi. Atatero m'pamene analola kuti tiwanyamule.

Sanabwereko. Kuchipatala anakhala milungu ingapo, akufookerafookera. A Kapitawo ndinawauza. Anabwera kangapo n'kumakhala pabenchi ya pakhonde, osalowa. Ndikatuluka ankandifunsa ngati wodwala wadya, n'kubwerera kwawo. Tsiku limene analimba mtima n'kulowa, mkulu wawo anali atasiya kale kulankhula. Anakhala kumiyendo n'kumawasisita mapazi otupa aja mpaka dzuwa kupendeka. Kaya malemu anazindikira kuti ndi manja a ndani, ine sindikudziwa, ndipo sindinama pamaliro. Anatisiya masana a Lachiwiri, pa 12 Novembala 2024, ali ndi zaka 57.

Dzulo m'mawa, anthu atayamba kusonkhana, alamu anga anatenga kiyi n'kukapereka kwa a Kapitawo. Poyamba anakana. Kenako anaimirira. Tinalowa kuchipinda anthu anayi, iwo, alamu, wophunzira uja ndi ine. Botolo la pawindo linali loyera mbee, moti unkatha kuona mitengo ya panja kudzera m'madzimo. Palibe amene anasangalala. Botolo loyera tinaliwonapo kale, ndipo tonse tikudziwa kumene linatifikitsa. A Kapitawo kiyi inawavuta kulowetsa. Atatsegula, anapisa dzanja kuseri kwa madiresi a mkulu wawo n'kutulutsa botolo. Linali la buluu, abale anga. Buluu weniweni wa mayi athu, wosasuluka ngakhale pang'ono, moti zala zimene zinaligwira ndi madzi a m'katimo zinali mtundu umodzi. Mlongo wanga wamng'onoyu ndawadziwa moyo wawo wonse, ndipo pamaliro a mayi sanagwetse msozi pagulu. Dzulo anakhala pansi pa simenti, botolo lili pachifuwa, n'kulira mokweza mpaka amayi a panja anathamangira m'nyumba.

Musamve ngati ndikulengeza kuti shedi yatsegulidwa. Sinatsegulidwe. Denga lake likudontha, migolo inachita dzimbiri, ndipo ena mwa amayi amene anaimba tsiku lija sadzabweranso. Ine, ndi changu changa cha pamsewu, ndinati tikangoika maliro tiitane a zaumoyo. Wophunzira uja asanatsegule n'komwe pakamwa, a Kapitawo ananditseka. Anati botolo limodzi si umboni, zibwerezedwe kaye m'thanki yeniyeni, madzi oyerawo akayezedwenso ngati mulibe china choipa chosaoneka, ndipo palibe woitana munthu mpaka kabati itavomera kachiwiri ndi kachitatu. Ndinachita kutembenuka kuti ndione amene walankhula. Tsono kanthu kamene afungatira apoko ndi botolo lomwelo. Alikulunga nsalu chifukwa muli kagalasi kaja, ndipo dzuwa likaliwomba liyera. Akuti lisayere mkulu wawo asanaikidwe. Ndiye amayi amene mwakhala pafupi, chonde thandizani kuwatchinga ndi ambulera.

Malemu asiya amuna awo, amene anakhala nawo zaka 32 n'kuwasamalira mpaka tsiku lomaliza. Alamu, ife akuchikazi tilibe mawu okwanira. Asiya ana atatu. Woyamba ndi wamkazi, namwino uja. Wachiwiri ndi wamwamuna, amene anatengera bambo ake pa zamagetsi. Mzime akadali ku koleji ndipo akuti sayansi sakuifuna n'komwe, chimene tonse tikuchimvetsa. Asiyanso adzukulu awiri, mng'ono wawo, ndi ine mlongo wawo wokalambayu, amene ndinkayembekezera kuti iwo ndiwo adzawerenge yanga.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku chipinda chotsukira magazi, amene anapirira mafunso. Tikuthokoza a ku yunivesite chifukwa cha galimoto ndi bokosi, ndipo tili ndi pempho limodzi. Chipinda chakuseri kwa masitepe chisasanduke mosungira mipando yothyoka, ndipo ng'anjo ikazimitsanso magetsi muziitana alamu, akuti adzabwera. Tikuthokoza wophunzira wawo wamkulu ndi anzawo onse, abusa ndi mpingo, anansi amene mwatiphikira ndi kutitungira madzi, ndi amene mwakonza manda. Mwapadera tikuthokoza inu amayi a ku shedi. Munali ndi chifukwa chokhalira kwanu lero, koma mwabwera, ndipo ndi inu amene mwakhala mukuimba chifikireni thupi.

Mlongo wanga, munatitopetsa ndi mafunso, inunso munatopa nafe, koma simunatinamize ngakhale pa tsiku limene bodza likanatidyetsa tonse. Ngalande ya mayi ituleni tsopano, mng'ono wanu wainyamula. Kabati yatsegulidwa monga munanenera, ndipo anatsegula ndi mwini madzi. La m'kabati ndi la buluu, achemwali. Gonani, mwatopa. Mzimu wanu uuse mumtendere.